Malaya Awiri a Bambo

Ku Njube anthu amati ndine wamakani, ndipo sindikana. Makaniwo ndinatengera kwa bambo anga, munthu amene anakhala chaka ndi miyezi osavala malaya chifukwa panalibe wowasitira mmene iwo ankafunira.

Bambo anabwera kuno ku Bulawayo kuchokera ku Nyasalande asanamere ndevu, ndipo ntchito yoyamba imene anaipeza ndi imene anakalamba nayo: kuchapa ndi kusita zovala za alendo pa hotela ina m'tauni. Tsiku lonse ankasita malaya a azungu, kenako a mabwana akuda dziko litasintha, akaweruka n'kudzasitanso awo kunyumba. Malemu amayi ankawachapira chilichonse, koma kuika simbi pa malaya a bambo sankaloledwa. Anthu a pamzere wathu wa nyumba ankaseka, ati mwamuna wanji wolanda mkazi ntchito, kapena anamudyetsa mankhwala? Lamulungu bambo ankangotuluka atavala malaya oyera mbee, kolala itaima njo, n'kudutsa pakati pa osekawo akuwapatsa moni mmodzimmodzi.

Malamulo awo a malaya ndinawaloweza ndisanaloweze Malamulo Khumi. Kolala umayamba kusita kunsi kwake, kuchokera kunsonga kupita pakati. Sitachi sagula m'sitolo, amapanga ndi chinangwa. Malaya otentha savala, amayamba azizira, apo ayi amakwinyika usanafike pageti. Pamkono wa malaya saikapo mzere: ankapinda thaulo n'kulilowetsa m'kati mwa mkonowo, n'kumasita akutembenuza mpaka utasalala mbali zonse. "Mzere ndi wa thalauza," ankatero. Ndipo lamulo limene linkatitopetsa kwambiri anafe, chifukwa ndife tinkapemerera makala, linali lakuti munthu sasita malaya amodzi. Ankasita awiri nthawi zonse, ena n'kuwakoleka kuseri kwa chitseko. Ukafunsa chifukwa chake, yankho linali limodzi: "Tsiku silidziwika."

Ndiye kunabwera sitiroko. Inawapha dzanja lamanja, inakhotetsa mlomo mbali imodzi, ndipo inawalanda Chindebele ndi Chingerezi chonse chimene anatola pa zaka zonsezo. Chinatsala ndi Chichewa chokha, nachonso mawu amodziamodzi, otuluka movutikira. Atachoka kuchipatala ndinawasitira malaya kuti tipite kutchalitchi. Anawayang'ana, n'kutembenukira kukhoma. Ndinayesa kangapo, kenako ndinatopa. Kuyambira pamenepo ankangovala juzi yabulauni yobooka pazigongono, osatulukanso pageti. Anthu ankati matenda awasokoneza mutu. Ine ndinkadziwa kuti mutu uli bwinobwino, chimene chinkawapweteka ndi kuvala ntchito ya munthu wina.

Zinthu zikanapitirira choncho pakanapanda mwana wanga wamkazi. Anapeza mnyamata wa ku Nguboyenja konkuno ku Bulawayo, Mndebele, ndipo akwawo anatumiza mawu kuti abwera Loweruka masana kudzadziwana nafe. Bambo wake wa mwana wangayu anapita ku Joni iye akuyamwa, mpaka lero tikudikirabe kalata. Choncho woyankhula pa nkhani ngati imeneyi anali achimwene anga, atsibweni ake a mwana, monga mwa mwambo wathu.

Achimwenewa ndi munthu wophunzira, ali ndi galimoto ndi nyumba kumayadi. Ndisawanamizire, ndi munthu wothandiza. Koma anakula ndi chilonda chimene sichinapole. Kusukulu anzawo ankawanena kuti Mnyasalande wopanda kumudzi, mwana wa wochapa makabudula a azungu. Inenso ankandinena zomwezo, kungoti ine ndinkamenya. Iwo anasankha kubisala. Anaphunzira Chindebele chosamveka m'pang'ono pomwe kuti ndi cha mlendo, ndipo ana awo sadziwa ngakhale kunena kuti zikomo m'chiyankhulo cha agogo awo.

Achimwenewo anabwera Lamulungu, tinakhala panja pansi pa mtengo wa mapichesi, n'kuyamba kuzungulira ngati akufuna kubwereka mchere.

"Lalela, sisi, tamvera," anatero. "Loweruka m'mawa ndibwera kudzawatenga madala. Akapumeko kwathu, kuli phee. Alendo akapita ndidzawabweza."

"Akapume atatopa ndi chiyani?"

"Usandivutitse. Ukuona wekha mmene alili. Dovu lili chuchuchu, juzi yobooka, akatsegula pakamwa palibe amene akumva. Abantu bazathini? Anthu aja adzati chiyani? Ukufuna mwana wako adzanyozedwe ku ukwati moyo wake wonse?"

Mtima wanga unachita kuwira. Ndinawafunsa kuti nyumba imene alendowo akubweramo ndi ya ndani. Ndinawakumbutsa kuti nsapato zoyamba zimene anavala, ndi mabuku onse amene anawapatsa galimotoyo, zinatuluka pansi pa simbi yomweyo imene akuchita nayo manyazi. Ndinati, "Achimwene, akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Inu mwaona dzanja limodzi lokha kufa, mwayamba kale kufuna kobisa munthu."

Anaimirira akugwedeza makiyi a galimoto. "Chabwino, popeza ndiwe wodziwa kuyankhula. Ukawaveka malaya ngati munthu, akhale. Ndikawapeza ali mu juzi ija, ndikuwanyamula, ndipo usadzandiletse."

Ankadziwa chimene akunena. Chaka chonse palibe amene anakwanitsa kuwaveka bambo malaya. Anapita akudziwa kuti wopambana ndi iwo, ndipo ine ndinatsala ndi ukali wanga, ndili ndi masiku asanu.

Ine ndimagulitsa kaunjika pafupi ndi siteshoni ya mabasi ya Egodini, makamaka malaya aamuna, ndipo simbi ndimaigwira tsiku ndi tsiku. Ndinadziuza kuti nthawi zina zija ndinkangosita mwaulesi, ulendo uno ndichita zenizeni. Lachiwiri magetsi anayaka m'mawa, zimene sizichitika kawirikawiri, ndipo ndinasiya kupita kumsika. Ndinatulutsa m'sutikesi malaya awo oyera a manja aatali, ndinawachapa, n'kugula sitachi yopopera ija ya m'chitini. Ndinasita ndi simbi yamagetsi yotulutsa nthunzi mpaka malayawo anasalala see. Ndinapita nawo kuchipinda nditawanyamula ndi manja awiri.

Bambo anawalandira ndi dzanja lamanzere, anawafikitsa pamphuno, n'kununkhiza kamodzi kokha.

"Mankhwala," anatero, n'kuwagwetsera pansi.

Ndinawatola n'kutuluka. Ndikanayankhula tsiku limenelo ndikanachimwa.

Lachitatu ndinasakasaka chinangwa. Kuno sichipezeka wamba, koma pali mayi wina amene amabwera pabasi kuchokera kumudzi ku Nyasalande ndi usipa, nyemba ndi zina zotere, n'kumagulitsa kwa ife amene timazidziwa. Chachiwisi analibe, anali ndi makaka, chinangwa chouma chija. Anandifunsa ngati ndikufuna kuphika kondowole. Nditamuuza kuti ndi za malaya, anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kundiwonjezera mbale ina yaulere, ati kwawo agogo ake aamuna ankachitanso zomwezo.

Ndinasinja makakawo mu mtondo, ndinawaviika, n'kusefa pa kansalu mpaka madzi oyera ngati mkaka atatsalira m'beseni. Madziwo akadikha, pansi pamatsala phala loyera losalala, ndipo limenelo ndi limene umaphika pang'onopang'ono mpaka lichite mbuu ngati galasi la m'bafa. Vuto linali madzi. Mpopi unali utauma masiku anayi, ndipo madzi a pamjigo wathu ndi amchere, amasiya mawanga achikasu pa nsalu yoyera. Ndinatsegula mgolo wa madzi akumwa amene tinkasunga ngati mankhwala. Mwana wanga atandipeza ndikutsukuluzira malaya m'madzi amenewo, anagwira m'chiuno.

"Mama, kanti mwatani? Tizimwa chiyani?"

"Uzimwa a pamjigo. Sufa."

"Chifukwa cha shati imodzi?"

"Chifukwa cha agogo ako. Ndipo chifukwa cha iwe, kungoti sunadziwe."

Simbi yamakala ya bambo inali pansi pa bedi, itachita dzimbiri. Ndi simbi yolemera, ya katambala pamwamba kotsekera chivundikiro. Ndinaikwecha ndi mchenga, n'kupaka kandulo kunsi kwake monga ndinkawaonera. Lachinayi m'mawa ndinawaza madzi pa malaya ouma gwa ndi sitachi aja, ndinawakulunga m'thaulo kuti afewe mofanana, n'kuyatsa makala. Ndinasita mosamala ngati ndikulemba mayeso. Phulusa ndinkaliuzira kutali, kutentha ndinkayesera pa nyuzipepala. Nditamaliza, ngakhale ine ndemwe ndinadzitamandira.

Bambo ananunkhiza. Anayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwa kolala kuchokera kunsonga mpaka kunsonga, ndipo ndinaona mutu ukugwedezeka pang'ono. Mtima wanga unayamba kuvina. Kenako ananyamula mkono wa malayawo n'kuuyang'anitsitsa pawindo. Pamenepo m'pamene ndinauona: mzere wakuthwa kuchokera paphewa mpaka kudzanja. Makasitomala anga a kaunjika amaukonda mzere umenewo, ati malaya amaoneka atsopano, ndipo dzanja langa linauika lokha ine osadziwa.

"Mzere," anatero bambo, n'kuwagwetseranso pansi.

Apo ndiye ndinaphulika. Sindinayambe ndawakalipirapo bambo anga chibadwire, koma tsiku limenelo ndinakuwa mpaka a nyumba yoyandikana nayo anazimitsa wailesi. Ndinati ndasiya msika masiku awiri, ndataya madzi akumwa, manja anga atupa ndi munsi, inu n'kumataya pansi ngati chisanza? Ndiye ndinawauza chimene ndinkawabisira sabata yonse. Ndinati, "Mukudziwa kuti Loweruka mwana wanu akubwera kudzakunyamulani ngati thumba la makala? Akufuna akakubiseni kumayadi kuti alendo asakuoneni. Mdzukulu wanu akukwatiwa, inu mudzakhala kuseri mutavala juzi yobooka. Ngati ndi zimene mukufuna, nenani, ndisiye kudzivutitsa."

Nditatha kuyankhula ndinachita mantha ndi mawu anga omwe. Bambo anayang'ana dzanja lawo lakufa lija, lili pamwendo ngati si lawo, anayang'ananso malaya ali pansi.

"Mawa," anatero. "Makala."

Sindinamvetse bwino, koma ndinachapanso malayawo, n'kuwanyikanso mu sitachi yotsala. Lachisanu m'mawa ndikuyatsa makala pakhonde ndinamva ndodo ikugogoda pansi. Anatuluka okha, akukoka mwendo, n'kudzaima pa tebulo pamene ndinali nditayala bulangete ndi nsalu. Anandikankha pang'ono ndi chigongono kuti ndisunthe. Anagwira simbi ndi dzanja lamanzere, anainyamula, n'kuiyandikitsa patsaya kuti amve kutentha kwake. Ataiika pa kolala, nsalu inathawa, popeza dzanja loigwira panalibe. Anayesanso, inathawanso. Anandiyang'ana ndi maso ofiira.

"Gwira."

Ndinagwira nsonga ya kolala.

"Koka."

Ndinakoka. Simbi inayenda tsaa, fungo la chinangwa chopsa pang'ono n'kudzaza pakhonde, fungo la Loweruka lililonse la ubwana wanga. Ndinafuna kulira, koma panalibe nthawi, chifukwa mawu anali akubwera kale: tembenuza, waza, uzira, leka. Chaka chonse ndinkalimbana n'kuti ndiwasitire bambo malaya abwino, osadziwa kuti iwo sankafuna wowasitira. Ankangosowa dzanja logwira nsalu. Chinthu chaching'ono chotero, ine ndi nzeru zanga zonse za kumsika sindinachiganizepo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimadzipsera mtima.

Sizinali zokoma ngati mmene zikumvekera. Dzanja lamanzere silinazolowere, linkanjenjemera, ndipo kawiri konse simbi inandipsereza pamkono. Chipsera china chilipo mpaka pano. Ankatopa msanga, tinkapuma, makala n'kuzirala, ine n'kuyambanso kupemerera. Pofika pa mikono anandilozera thaulo, ndinalipinda n'kulilowetsa m'kati, ndipo ndinkatembenuza pang'onopang'ono iwo akusita. Malaya amene kale ankawamaliza madzi a tiyi asanawire anatitengera mpaka dzuwa kufika pamutu. Koma atatha, ndinawakoleka pachitseko, ndipo anali malaya a bambo anga enieni, amene ndinali nditaiwala kuti amaoneka bwanji.

Ndinanyamula simbi kuti ndikataye makala. Ndodo inanditchinga pamiyendo.

"Ena."

"Bambo, mwatopa. Amodzi akwana, alendo ake sakhalitsa."

"Ena," anabwereza. Anameza malovu, n'kulimbana ndi mawuwo mpaka anatuluka onse. "Tsiku silidziwika."

Ndinayang'ana kumwamba kupempha chipiriro, n'kupita kukatsegulanso sutikesi ndi mgolo wa madzi. Achiwiriwo anauma masana omwewo chifukwa kunali dzuwa loswa mtengo, ndipo tinawasita lisanalowe.

Loweruka ndinawasambitsa, ndinawameta ndevu, n'kuwaveka malaya ozizira bwino. Mabatani anakana kuti ndiwamangire onse: atatu a pamimba anamanga okha ndi dzanja limodzi, ine ndinamanga la pakhosi ndi a kumanja. Taye yakuda, thalauza la mzere wake woyenera, nsapato zopolishidwa. Ndinawakhazika pa mpando wawo wa pabalaza, woyang'ana kukhomo.

Achimwene anafika ndi galimoto, analowa akuyankhula pafoni, n'kuima pakhomo. Anawayang'ana bambo kuyambira kunsapato mpaka kukolala. Ine ndinali nditaima kumbuyo kwa mpando, manja nditapinda pachifuwa, ndikudikira kuti anene kanthu kuti tiyambane bwino. Sananene. Anabweza foni m'thumba n'kukhala pampando wa pambali.

Alendo anabwera anayi: mkulu wina wa imvi amene ankatsogolera, amuna awiri, ndi azakhali ake a mnyamata, mayi wa maso oyendayenda amene anawerenga mipando yathu asanakhale pansi. "Salibonani ekhaya," anatero mkuluyo potilonjera, ndipo asanapereke moni kwa achimwene anapita kaye kwa bambo, anawerama, n'kuwagwira dzanja lamanzere ndi manja ake awiri. Bambo anagwedeza mutu mwaulemu ngati mmene ankalandirira alendo kale. Nkhani inayamba m'Chindebele, achimwene akuyankha, zonse zikuyenda bwino.

Kenako mwana wanga analowa ndi tiyi, anagwada, n'kuyamba kugawa. Ndinafuna kuwagwirira bambo kapu, koma anandikaniza ndi diso. Anainyamula okha. Inafika pakamwa bwinobwino, koma mlomo wokhota uja sunagwire, ndipo tiyi anatsikira pachibwano mpaka pachifuwa. Banga labulauni linafalikira pa malaya oyera aja anthu onse akuona. Azakhali aja anayang'ana kudenga. Achimwene anandiponyera diso lakuti ndinanena ine, n'kuuza alendo mwaulemu kuti madala atopa, akapume kaye.

Ndinawadzutsa bambo n'kupita nawo kuchipinda. Ndikutseka chitseko ndinamva mawu a achimwene atamasuka, akuseka, ngati munthu amene watula katundu. Bambo anakhala pabedi akupuma mofulumira. Ndinaganiza kuti manyazi awagwira ndipo sadzatulukanso. Koma ananyamula ndodo n'kuloza kuseri kwa chitseko, kumene malaya achiwiri aja anali lende.

Ndinaseka mpaka misozi, ndikumasula taye. Ndinawapukuta pachifuwa, ndinawaveka, anamanganso mabatani awo atatu. Sipanapite nthawi yaitali, ndodo inagogodanso pabalaza.

Achimwene anasiyira mawu pakati. Bambo anadutsa pakati pa alendo pang'onopang'ono, oyera mbee ngati palibe chimene chachitika, n'kukhalanso pampando wawo. Mkulu wa imvi uja anawomba m'manja kamodzi n'kuseka kuchokera pansi pa mtima. Anati iye wayenda m'makomo ambiri pa nkhani zotere, koma sanaonepo munthu wokonzeka chotero. Anafunsa kuti amawasitira ndani malaya okongola chonchi.

"Eni ake," ndinayankha ine, ngakhale kuti sindinkayenera kuyankhula pamenepo. Ndipo sindinaname.

Mkuluyo anatembenukira kwa bambo n'kufunsa funso limene achimwene ankaliopa sabata yonse: kwanu kwenikweni ndi kuti, baba, kuti tidziwe kumene tikutenga mwana? Achimwene anafulumira. "Thina singabalapha," anatero, ife ndife a konkuno. Bambo Chindebele chinawathawa pakamwa, koma m'makutu chinalipo. Anagogoda ndodo pansi kamodzi.

"Nyasalande," anatero momveka bwino kuposa mawu onse amene ananena chaka chimenecho. Analoza mdzukulu wawo amene anali chigwadire ndi thireyi. "Mwanayu ndi wathu. Musamale."

Alendo anayang'anana, posamva. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimasulire, koma mwana wanga ananditsogolera. Mwana ameneyu Chichewa amamva chonse koma kuyankhula amachita manyazi, ati anzake amamuseka lilime. Tsiku limenelo anawauza alendo m'Chindebele zimene agogo ake ananena, osachotsapo kanthu, kenako anatembenukira kwa agogo akewo n'kunena m'Chichewa chake chopunduka, "Ndamva, agogo. Zikomo."

Sindinganame kuti onse anakondwa. Azakhali aja anapinda mlomo atamva dzina la dziko, ndipo ine ndinawayang'ana ndwii mpaka anatsitsa maso n'kuyamba kutakasa tiyi amene anali atatha kale. Mpaka lero tikakumana pa maliro kapena pa ukwati timapatsana moni wa mano okha. Koma nkhani inatha bwino, tsiku lobweranso linapanganidwa, ndipo potsanzikana mkulu uja anagwiranso dzanja la bambo kawiri.

Alendo atapita, achimwene anavula jekete chifukwa cha kutentha, n'kubwera kudzatsanzika. Anaima patsogolo pa bambo akusisita m'khosi. Ine ndinali nditakonzeka kale ndi anga, akuthwa bwino, amene ndinawanola kuyambira Lamulungu. Sindinapeze mpata wowanena. Bambo anatambasula dzanja lamanzere n'kutsina mkono wa malaya a achimwene, malaya odula a m'sitolo za m'tauni, pamene panali mzere wowongoka kuchokera paphewa mpaka kudzanja.

"Mzere," anatero. "Vula."

"Baba, ndikuthamangira..."

"Vula."

Munthu wa imvi zake, wa galimoto yake, bambo wa ana atatu, anayang'ana kwa ine ngati ndimupulumutse. Ine ndinapita kukayatsa makala. Nditabwerako ndinawapeza ataima pakhonde ndi vesiti yokha, mimba ili poyera, ana a pamzere wathu akusuzumira pampanda. Ndinayala bulangete, ndinawaza madzi pa mkono wa malayawo, n'kupinda thaulo. Bambo ananyamula simbi n'kuiyesa patsaya. Nditatambasula dzanja kuti ndigwire nsalu, anandikankha ndi chigongono, n'kuyang'ana mwana wawo wamwamuna.

"Iwe," anatero. "Gwira."

Achimwene anagwira.